Tsabola wa Malemu Mbewe

Lolemba

A Zuze, foromani wa pa pulazi pano, andipeza ndikusesa pakhomo. Chipewa chili m'manja, ndiye ndadziwiratu kuti sanabwerere moni. Akuti abwana anena kuti nyumba za m'komboni ndi za anthu ogwira ntchito. Bambo a Chisomo ankayendetsa thirakita, koma anatisiya chaka chatha ndipo thirakitayo ili ndi mwini wina tsopano.

"Mai Chisomo, shedi ikutsegula Lolemba likubwerali. Mukalowa kusankha fodya, nyumba ndi yanu. Mukapanda kulowa, ndiye kaya."

Kaya chiyani? Ndawauza kuti kushedi sindibwererako. Fodya ndinayamba kusankha ndili mtsikana, mpaka chifuwa changa chinayamba kulira ngati mwana wa mphaka. Fumbi limenelo apume ena.

Nzeru ndili nayo kale. Ndigulitsa tsabola wanga pa intaneti, ndipeze ndalama, ndikachite lendi kachipinda ku Tengwe, katauni ka pafupi. Nyumba yawoyi agonemo okha ndi mphemvu zake.

Zomwe ndili nazo:
kambuzi wofiira kuseri kwa nyumba, mbewu yake inachoka ku Dedza m'thumba la jekete ya bambo anga;
mabotolo a dovi, chiponde cha m'sitolo, otsukidwa bwino;
foni imene Chisomo anandisiyira popita ku Joni;
pakamwa.

Chomwe ndilibe ndi netiweki. M'komboni muno foni imangokhala tochi basi. Amuna amakwera thanki ya madzi kukaimba, koma mayi wa Mvano ngati ine sangakwere makwerero atamanga chitenje, anthu ali pansi maso ali m'mwamba. Malo ena amene imagwira ndi pachulu cha m'mphepete mwa manda. Aliyense amadziwa zimenezi, palibe amene amapitako.

Ine ndapitako. Bambo a Chisomo agona pomwepo, pafupi ndi chulucho, ndiye ndiope ndani? Munthu ndinagona naye mphasa imodzi moyo wonse, mkonono wake ndinaupirira. Timizere ta netiweki tadzaza tonse. Ndaima pamenepo ndikumwetulira ndekha ngati wolandira bonasi.

Lachiwiri

Lero ndi tsiku lolembetsa pa msika waukulu wa pa intaneti, uja anthu a ku Harare amagulapo zinthu ali pabedi. Ndagula bandulo kutakishopu, ndakwera chulu, ndatsegula.

Akufuna nambala ya chitupa. Akufuna akaunti ya kubanki. Akufuna satifiketi ya bizinesi. Akufuna dzina la msewu ndi nambala ya nyumba.

Pa msewu ndalemba kuti: mukadutsa mabalani a fodya, mukhotere kumene kunagwa mtengo wa bulugamu, nyumba ya chitseko cha buluu. Foni yakana, akuti ndalemba zambiri. Ndachotsa bulugamu. Yakanabe.

Za chitupa ndiye nkhani yakale. Ndinabadwira pa pulazi ina ku Glendale, bambo a ku Dedza, mayi a ku Tete, mzamba anali mkazi wa kukhi. Ku ofesi ya zitupa ndinapitako kangapo. Amati ndibwere ndi mapepala a makolo, kapena makolowo. Makolo anga ali kumanda a ku Glendale ndipo sayenda masiku ano. Bambo a Chisomo anachita mwayi, chitupa anapeza chaka china alembi atabwera pa pulazi, ine ndili kuchipatala ndi chifuwa. N'chifukwa chake layini ya foni iyi ili m'dzina lawo, ndi ndalama za pafoni zomwe: Wedisoni Mbewe.

Ndayesa kulemba nambala ya chitupa chawo. Foni yati ndijambule nkhope ya mwini chitupa, aphethire maso kawiri. Ndayang'ana manda, ndayang'ana foni. Bandulo yatha ndikuganizabe.

Palibe kanthu. Msika waukuluwo ndi wa anthu okonda mapepala, ndipo tsabola sadyera satifiketi. NaPhiri, mnzanga wa khomo loyandikana, wandiuza za gulu la pafoni la amayi ogulitsa malonda, la anthu a ku Karoi, ku Chinhoyi mpaka ku Harare. Mlamu wake andilowetsamo mawa. Kumeneko safunsa kuti unabadwa liti.

A Zuze adutsa madzulo. "Bizimisi ikuyenda?" Ndati ikuuluka.

Lachitatu

Ndalowa m'gulu. Muli ogulitsa mawigi, nkhuku, mabulangete, mankhwala ochepetsa mimba ndi ena okulitsa zina.

Vuto lili pa zithunzi. M'nyumba muli mdima, magetsi anapita osatsanzika. Panja pali fumbi, ndipo chithunzi chilichonse nkhuku ya NaPhiri ikulowamo ngati ndi mnzanga wa bizinesi. Malo osalala ndi oyera m'dera lino ndi amodzi okha: simenti imene Chisomo anatumizira ndalama kuti timangire pamanda a bambo ake. Ndaikapo botolo pakona, ndajambula mopendeketsa kuti mtanda usaoneke. Latuluka lokongola kwambiri, dzuwa likuwala m'mafuta, tsabola ali psuu. Bambo a Chisomo sangadandaule, pa tsabola ameneyu ankanyambita ndi supuni yomwe.

Ndatumiza chithunzi. Mayankho abwera.

Wina akufunsa ngati ndimabweretsa pakhomo ku Harare, lero lomwe, ulere.
Wina akuti ndimutumizire botolo loyamba alawe, akakonda adzauza anzake.
Wina akuti ndawina galimoto, ndingotumiza ya petulo.
Bambo wina, kaya analowa bwanji m'gulu la amayi, akufunsa ngati ndili pabanja.

Ndabwerera kunyumba n'kupeza kuti mbiri yafika kale. NaPhiri wauza komboni yonse kuti tsabola wanga ali pa intaneti, ndiye aliyense akufuna kumva ngati kakomedwe kasintha. Abwera ndi timbale. Munthu umukaniza bwanji tsabola, amene anakumba manda a mwamuna wako? Botolo limodzi latha. Lachiwiri ndabisa m'thumba la ufa.

Mayi ena a kumapeto kwa komboni akuti: "Tsiku ndi tsiku kumanda, dzanja m'mwamba, akuyankhula okha. Ife tingoona." Aone ndithu. Akadzandiona ndikukwera kombi ndi katundu wanga ulendo wa ku Tengwe, adzaonanso.

Foni ndasiya kutakishopu itchajidwe pa sola. Mwini wake akuti malipiro ndi supuni ziwiri za kambuzi. Dziko lonse likudya tsabola wanga, wogula ndiye sanabadwe.

Lachinayi

Wabadwa!

Ndachoka ku Mvano molunjika kuchulu, yunifolomu ili m'thupi, n'kupeza uthenga. Ndi mayi wina wa lesitilanti ku Harare. Agogo ake anali a ku Ntcheu, ndipo akuti chifere agogowo sanamvenso fungo la kambuzi weniweni. Wandiimbira. Chichewa chake n'chothyokathyoka, Chishona changa n'cha m'komboni, koma tamvana. Akufuna mabotolo onse amene ndingakwanitse, ndipo akawakonda, mwezi uliwonse.

Mwezi uliwonse. Ndakhala pansi pachulu, chiswe chikundiluma, osamva kanthu.

Pa kalipiridwe ndiye tavutana. Iye akuti satumiza ndalama asanaone katundu, anaberedwapo kale ndi wogulitsa uchi amene analibe ngakhale njuchi imodzi. Ine ndati sindikweza katundu wanga pa kombi ndisanaone ndalama, makondakitala ndimawadziwa, tsabola angafike ku Harare atasanduka madzi. Aliyense akuopa mnzake, tonse akazi opemphera. Mapeto ake akuti dalaivala wake apita ku Karoi Loweruka kukatenga nyama, adzakhotera kuno, akaona katundu ndi maso, iye adzatumiza ndalama pafoni nthawi yomweyo.

Kenako wayesa nambala yanga kuti aone dzina. "Amai, pano pakutuluka Wedisoni Mbewe. Ndiani?"

Ndati ndi amuna anga.

"Aripo here? Ndingayankhule nawo?"

Ndinamva kuti a kampani ya mafoni akadziwa kuti mwini layini anamwalira, amaitseka. Ikatsekedwa ndilibe chitupa chotsegulira ina, ndipo Chisomo adzandipeza bwanji? Ndangoti ali pompano koma sangabwere pafoni. Mayiyo waseka, akuti amuna onse ndi choncho, kukonda kugona akazi akugwira ntchito. Ndavomera.

Mulungu andikhululukire, ndanena zimenezi nditavala yunifolomu ya Mvano.

Ndauza NaPhiri, wavina pakhomo mpaka chitenje kumasuka. Akuti akabwera kudzandiona ku Tengwe ndidzamugulire kokakola wa m'firiji. Ndati awiri.

Lachisanu

Ntchito tsiku lonse. Kuthyola, kutsuka, kusinja, kukazinga. Ndagulitsa tambala wanga kuti ndigule mafuta ophikira, adyo ndi mchere. Utsi wa tsabola wathamangitsa komboni yonse, mpaka agalu akuyetsemula. Inenso ndikutsokomola, koma chifuwa cha katundu wako sichipweteka ngati cha fodya wa eni.

NaPhiri amalemba bwino kuposa ine, ndiye walemba timapepala tomata pamabotolo. Tamata ndi phala la ufa woyera. Dzina la bizinesi tagwirizana kuti likhale lomwe mayi wa ku Harare akulidziwa, asasokonezeke: KAMBUZI WA W. MBEWE. Likuoneka ngati la m'sitolo.

Masana ndapita kuchulu ndi botolo limodzi lomata pepala, kukajambulanso pasimenti paja. Mayi uja wayankha kuti ndi lokongola, tsopano ndimutumizire malo. Ndayamba za bulugamu. Akuti ayi, pafoni pali podina, foni imadziwa yokha pamene waima, dalaivala amangotsatira kadontho. Ndadina. Kadontho kapita.

Taonani nzeru za masiku ano. Ofesi ya zitupa ija yalephera kundipeza moyo wanga wonse, foni yandipeza nthawi yomweyo. Kwa nthawi yoyamba ndili ndi adiresi, ndipo sanandifunse za makolo.

Pobwerera ndakumana ndi a Zuze pa mabalani, akulemba mayina a olowa kushedi. "Mai Chisomo, ndikusungireni benchi ya pawindo? Pamadutsa kamphepo." Ndawauza kuti benchiyo apatse amene alibe intaneti. Ndanena mokweza, anthu akumva. Ndawonjeza kuti makiyi a nyumba yawo adzawapeza pa msomali kumapeto kwa mwezi.

Angogwedeza mutu. NaPhiri wandikoka mkono, akuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ndati ndikadzaupeza ndidzaupaka kambuzi.

Powerenga mabotolo m'katoni ndapeza kuti limodzi palibe. Ndaliiwala pamanda paja. Likhale, ndikalitenga mawa. Kumeneko kulibe olawa.

Loweruka

Ndadzuka m'mamawa, ndasamba, ndasesa mpaka kumsewu. Kasitomala woyamba salandiridwa ndi sikipa ya mphatso ya kampani ya feteleza. Chovala chabwino chomwe ndili nacho ndi bulauzi yoyera ya Mvano ndi duku yake yoyera. Amayi abusa akadziwa adzandiyankhula, koma adzamvetsa ndikadzapereka chakhumi. Nkhope ndapaka ufa wodzola pang'ono, uja Chisomo anasiya, ndipo mwina ndachulutsa chifukwa galasi langa ndi losweka.

Ndakhala pakhonde, katoni pambali, foni pamiyendo. Dzuwa lakwera. Foni ili zii. Ndati anthu a m'tauni sasunga nthawi. Dzuwa lafika pamutu, foni ili ziibe.

Mpamene nzeru zandibwerera. Foni ilira bwanji m'komboni mopanda netiweki? Ndipo kadontho kaja ndinadina nditaima pati?

Ndasenza katoni pamutu, liwiro la kumanda, kudzera njira yachidule ya m'misuku. Chifuwa chikulira, mpweya ukuchita kupempha. Ndili m'mitengo ndaona kagalimoto koyera kataima pafupi ndi chulu, chitseko chotsegula. Dalaivalayo, bambo wamkulu ndithu wa kamimba, waima pamanda a bambo a Chisomo. Foni ili kukhutu. Akuyang'ana mtanda, akuyang'ana botolo lili pasimenti, akuyang'ananso mtanda.

Ndafuna kumuitana, koma mawu sakutuluka chifukwa cha befu, kwangotuluka kulira kuja kwa chifuwa. Watembenuka. Waona mayi wovala zoyera, nkhope yotuwa, akutuluka m'mitengo ya kumanda ndi katoni pamutu. Ndakweza dzanja kuti asaope. Mawu abwera pamapeto pake, okhaokha amene ndinali nawo: "Mukufuna a Mbewe? Bwerani, ndinu tikudikira."

Sindinaonepo munthu wa mimba akuthamanga chotero. Nsapato imodzi yatsala. Galimoto yabwerera chambuyo mpaka ku mabalani, chitseko chikukupiza.

Ndakwera chulu, mauthenga alowa ngati njuchi. Mayi wa ku Harare wanditumizira mawu amene dalaivala wake anamujambulira asanandione. Akunong'ona: "Madamu, ndasvika, asi pano pamakuva. Kadontho kali pamanda enieni. Dzina lija lili pamtanda, Wedisoni Mbewe. Mhiripiri yacho iripo, botolo la tsabola lili pamwamba pake, lamatidwa ndi pepala. Foni yawo sikupezeka. Madamu, mwagula kwa ndani?"

Ndaimba kuti ndifotokoze. Wayankha kamodzi. "Munati amuna anu ali pompo." Ndati inde, ndipo sindiname, ali pompano. Wadula.

Ndayesanso, sikulowa. M'gulu muja mwaikidwa chithunzi changa cha Lachitatu, wina wachikulitsa mpaka pakona pakuoneka mthunzi wa mtanda. Wogulitsa mawigi akuti anadziwa kale. Wa mankhwala ochepetsa mimba akuti tipemphere. Kenako foni yandiuza kuti ndachotsedwa.

Bambo uja wofunsa za banja ndi yekha amene walembabe. Akuti zilibe kanthu.

Nsapato ndatola. Ndi yabwino, yachikopa, koma ndi imodzi.

Lamulungu

Kutchalitchi aliyense akudziwa. Pa nyimbo yoyamba amayi a kwaya akuyang'ana pansi, mapewa akugwedezeka. Mayi aja a kumapeto kwa komboni andipatsa moni ndi manja awiri, mwaulemu wonyanya, mwina akuopa kuti ndingawatumizire a Mbewe. Amayi abusa za yunifolomu sananene kanthu, angondifunsa ngati botolo limodzi lingapezeke.

Titatuluka ndapita ndekha kwa a Zuze. Mlomo wanga wa Lachisanu ndaupeza uli pomwe ndinausiya. Ndinakonzeka kuti andiseke, koma angotsegula chitseko n'kunena kuti: "Benchi ya pawindo sindinapatse munthu." Zandipweteka kuposa kusekedwa, ndipo misozi yatsala pang'ono kundichititsa manyazi. Ndawasiyira botolo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo wanga kuyambira mawa adzakhala pamphuno ndithu, m'chifuwa momwe.

Nyumba yatsala. Tambala wapita. Kachipinda ka ku Tengwe kadikire. Katoni ili pansi pa bedi, ndipo NaPhiri akuti tikagulitse pa geti tsiku la malipiro, botolo limodzi limodzi, kwa anthu amene amandidziwa kuti ndili moyo. Tsabola wanga ndi wabwino, zimenezo ngakhale dalaivala uja akanalawa akanavomera. Sanakanidwe chifukwa cha kakomedwe.

Madzulo ndapita kumanda kukatenga botolo lija. Ndakhala pasimenti, ndavula nsapato. Timizere tadzaza tonse monga mwa masiku onse, koma palibe woti ndimuimbire, Chisomo amagwira ntchito Lamulungu. Ndiye ndayankhula ndi amene analipo.

Ndati bambo a Chisomo, mwaona zimene mwandichita? Inu amene munapita muli ndi chitupa. Muli ndi layini, muli ndi dzina limene limatuluka pafoni za anthu a ku Harare. Muli ndi adiresi imene galimoto imafikapo osasochera, ndipo nyumba yanuyi palibe foromani amene angakuuzeni kuti mulowe kushedi kapena mutuluke. Netiweki ndiye yanu yokha komboni yonse. Ine amene ndikupuma ndilibe ngakhale chimodzi. Pa ife awiri, amene dziko likumudziwa kuti alipo ndinu.

Ndaseka, kenako ndalira pang'ono, kenako chifuwa chandiletsa zonse ziwiri.

Botolo ndalisiya pomwepo. Dzina lili pamenepo ndi lawo.

Ndachapa duku yanga yakale yomanga pamphuno posankha fodya, ili pachingwe. Belu la kushedi limalira kusanache.